Nyumba Yoluma ya kwa Kalumphira

Kwa Kalumphira,
Nsaru.
9 Okutobala 2023

Dyson mwana wanga,

Landira moni wa kuno kumudzi. Ine ndilipo, kupatula bondo lija limene tsopano likulosera mvula kuposa anthu a pa wailesi. Kaya iwe ku Joniko, maluwa a azungu ako akukula?

Kalatayi ndapatsira Martin wa lole ya katundu uja. Usandifunse chifukwa chimene sindikuyimbira foni. Foni pakhomo pano ndi imodzi, ya mlongo wako Dorothy, ndipo ndikamayankhulapo amaima pomwepo ngati wogula akudikira chenje. Zina sizinenedwa munthu atakuimirira pamutu. Sitandade 3 yanga ija ndi yokwanira kukukalipira papepala.

Magetsi ayaka. Nyumba imene unatimangira inawala Loweruka, anthu n'kudzaza bwalo ngati pali ukwati. Achimwene anga a Simeon, poti ndi mkulu wa mpingo, anapemphera pemphero lalitali mpaka ana anayamba kusinza babu likuwayang'ana. Ndaona akangaude amene sindinkadziwa kuti ndimagona nawo. Zikomo mwanawe. Bambo ako akanakhala moyo bwenzi akungoyatsa n'kuzimitsa tsiku lonse.

Tsopano tchera khutu. Ine ndimayesa utumiza munthu wa ntchito yake, koma ndinangoona alamu ako ali padenga, waya ali kukamwa. Akamwini athuwa ndimawadziwa. Anakulira ku esiteti, makolo awo anali matenanti ochokera ku Phalombe. Kusoka fodya amatha, sindikana. Nanga zamagetsi anaziphunzira kuti? Akuti anagwirako kwa mmisiri wina pa Njewa. Ndafufuza kwa amayi ogulitsa zitumbuwa kumeneko: ankanyamula makwerero. Kodi wonyamula chikwama cha adokotala amabaya jakisoni?

Abweretsanso pepala, akuti setifiketi yotsimikiza kuti mawaya ali bwino. Pali chidindo, pali dzina la bambo wina amene akuti anayendera nyumba yonse n'kuyesa chilichonse. Dyson, ine ndimaswera pakhonde. Nkhuku yachilendo ikalowa pabwalo pano ndimaidziwa. Bambo ameneyo anadzera pati? Dorothy walitsekera m'felemu pepalalo, walipachika pafupi ndi chithunzi chake cha ukwati.

Dzulo ndinagwira zitsulo za pawindo manja ali onyowa, ndipo zinandiluma. Osati kwambiri, ngati linthumbu. Nditauza Dorothy anati, "Ndi nyamakazi yanu imeneyo, amayi." Nyamakazi yanga ndakhala nayo zaka zambiri, siinayambe yadikirapo kuti ndigwire windo.

Mwambo ukuudziwa. Ine sindingaime pamaso pa akamwini n'kuwafunsa za ntchito yawo. Chikwatirire mwana wanga sitinayang'anizanepo, dzina lawo silinatulukepo pakamwa panga, tikakumana panjira wina amapatukira m'chinangwa. Ndikakhala ndi mawu ndimauza mbuzi yanga, iwo n'kumamvera chapatali. Koma iwe ndiwe mwini mbumba, ndiwe malume a ana awo. Afunse bwinobwino ngati mwamuna mnzawo.

Mdzukulu wanga Eliness nsapato zamuthina, zala zikusuzumira kunja. Ya feteleza usaiwale, mvula ili pafupi.

Ndine mayi ako,
Gertrude Nachisale


Johannesburg.
29 Okutobala 2023

Amayi anga okondedwa,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndi kuti nyumba yawala. Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda. Kalata yanu ndinawerengera anzanga amene ndimagona nawo chipinda chimodzi, ndipo za chikwama cha adokotala zija anaseka mpaka wina anatsamwa tiyi.

Koma amayi, alamu a Yonasi mudzawasiya liti kuti apume? Chaka chimene anafika pamudzi munagula mbuzi n'kuitcha Mungodya, ndipo mudzi wonse ukudziwa amene mumanena mukamaiitana. Ataluka nkhokwe munati igwa mwezi usanathe. Ilipobe. Atafolera khitchini munati ngakhale khoswe achita manyazi kugonamo. Lero mwafika pa mawaya.

Ntchitoyi ndinawapatsa dala. Munthu wakhala pamudzi wa eni ake nthawi yonseyi mutu uli pansi, ndimafuna naye akhale ndi chinthu choloza kuti ichi ndinachita ndine. Komanso mmisiri wa layisensi amene ndinamufunsa anatchula mtengo woti ndikanamulemba, nyumbayo ikanakhala yopanda zitseko.

Za pepala musadandaule. Alamu anandiuza za bambo wina m'tauni amene amathandiza anthu kupeza setifiketi mwachangu, ndipo ndinavomera. Ndi mmene dziko likuyendera masiku ano. Ngakhale ine kuno ndimayendera mapepala otero, ndipo ndikudya. Olumikiza magetsi anaona chidindo, analumikiza, basi. Zitsulo nthawi yotentha zimatero, ngakhale chitseko cha galimoto chimaluma.

Ya feteleza ndatumiza pa foni ya Dorothy. Nsapato za Eliness zili m'jumbo yakuda. Mupereke moni kwa amalume a Simeon.

Mwana wanu,
Dyson


Kwa Kalumphira.
12 Novembala 2023

Achimwene,

Muli bwanji? Ife kuno tili bwino, Eliness ndi Brian akukula. Ndalemba papepala n'kujambula pa foni chifukwa nkhani ndi zambiri, zala zingatope.

Ndikufuna ndikuthokozeni chifukwa cha bambo a Eliness. Simungawazindikire. Anthu ayamba kuwaitana kuti amisiri. Mayi Eunice a golosale anawapatsa ntchito, kenako aphunzitsi a pa pulaimale, ndipo ena akubwerabe. Sikuludiraiva siichoka m'thumba la malaya, ngakhale kutchalitchi. Ndinawauza kuti, "Kodi mukukamasula abusa?" Anaseka, achimwene. Anaseka mokweza, pabwalo, amayi ali pakhonde. Chikwatirane sindinawamvepo akuseka choncho pamudzi pano.

Waya amene anatsala andimangira poyanika zovala, kuchokera kudenga la khonde kukafika pa mtengo wa mango. Akuti ndisamayanikenso pa udzu, Brian angalowedwe mphutsi. Amayi ena akumabwera kudzaona.

Kabokosi ka pakhoma kaja kamavuta, mvula ikangogwa kamadzizimitsa kokha, mafoni a anthu amene ndimawatchajira osadzaza. Akonza, pano sikakugwanso.

Amayi ndiye mukuwadziwa. Iwo ndi mbuzi yawo nkhani sizikutha. Ine ndatopa kukhala pakati. Mukamawalembera muziwauzako kuti awa ndi bambo a adzukulu awo.

Ngati mungathe, pa Khirisimasi mutiganizire ayironi ya magetsi. Yamakala ija yandiwotchera bulauzi ya Chigwirizano. Ndiponso diresi, achimwene, koma yobiriwira. Yofiira ija anthu akuidziwa ngati mbendera.

Mlongo wanu,
Dorothy


Kwa Kalumphira,
Nsaru.
13 Novembala 2023

Dyson,

Moni. Tilipo, tadzala, chimanga chayamba kusuzumira. Nsapato zamukwana. Yako ndalandira, ndipo ndamva kuti ndasanduka wailesi yosangalatsa anyamata a ku Joni. Palibe kanthu. Koma ino usawerengere munthu.

Chiyambire mvula nyumba ija yakula mano. Si windo lokha tsopano. Chitseko chachitsulo chakumbuyo chinaluma Eliness, analira mpaka kusanza. Mvula ikamagwa m'chipinda cha pakati mumamveka fungo ngati wina akuwotcha jumbo. Ndinayang'ana kudenga masana dzuwa likulowa, ndinaona pamene mawaya akumana. Akulungapo mapepala a shuga, Dyson, omwe aja timataya kudzala.

Kabokosi ka pakhoma kankadzizimitsa kokha mvula ikagwa. Ine sindinaphunzire, koma galu akamauwa usiku ndi usiku pamalo amodzi sumumanga pakamwa, umakayang'ana chimene chilipo. Alamu ako akamanga pakamwa. Anatsegula, anapotokola kawaya m'katimo, ndipo kakhala chete.

Ndinapita kwa a Simeon, poti ndiwo ankhoswe. Anabwera, anavala magalasi, anaima patsogolo pa felemu ija manja ali kumbuyo ngati akuwerenga Masalimo. Akuti, "Mlongo, apa pali chidindo ndi nambala. Ife ndife yani kuti titsutse?" Ndinati tagwirani chitseko icho. Anagwira ndi nsonga ya ambulera, atavala jombo, n'kunena kuti sakumva kanthu.

Ndiye Lachisanu ndinachita zimene ndimatha. Alamu ako amanola khasu kuseri kwa khola. Ndinapita kwa mbuzi ndi makoko a nthochi, ndinati, "Iwe Mungodya, tamvera. Nyumba iyi ikuluma ana. Munthu akapanda kudziwa chinthu amakaitana odziwa, sizichotsa ndevu." Kunola kuja kunasiya. Ndinadikira. Ndinangomva mapazi akulowera kudimba, ndipo sanabwere kudzadya.

Dorothy anandilowera m'khitchini misozi ili mbwee. "Amayi, mukufuna achoke? Nenani, tichokere limodzi." Ndinati ndikufuna mawaya achoke. Akuti ndi chimodzimodzi.

Ndabweza mphasa yanga m'kanyumba kanga kakale ka udzu, ndipo Eliness ndikugona naye kumeneko. Anthu akuti Nachisale wakana nyumba ya malata chifukwa cha nsanje. Anene. Brian ndiye sindingamutenge, akuyamwabe.

Mwana wanga, za nkhokwe zija ndinkanyoza, za khitchini ndinkanyoza. Ndikamanyoza ndimaseka, iwe ukudziwa. Pano sindikuseka. Ukangowerenga, yimba foni, uwauze alamu ako kuti azimitse mpaka abwere munthu wa layisensi adzaone. Iwe akumvera. Ngati ndi ndalama, gulitsani zitseko zomwezo, tidzatseka ndi chiguduli.

Martin akunyamuka mawa. Ndamuuza kuti aike kalatayi m'thumba la pamtima.

Mayi ako,
Nachisale


Johannesburg.
10 Disembala 2023

Amayi,

Moni nonse. Ine ndili bwino, kungoti ntchito yachuluka, mabwana akukonzekera alendo.

Mwezi wathawu sindinalandire kalikonse kochokera kwa inu. Ndamva kuti lole ya Martin inafera ku Tete ndipo akudikira chitsulo. Koma Dorothy ananditumizira yake pa foni, yodzaza ndi nkhani zabwino. Akuti alamu tsopano ndi amisiri, mpaka aphunzitsi akuwafuna. Nanga inu mwakhala chete bwanji? Mwagonja eti?

Katunduyu ndapatsira mnzanga wa ku Nambuma amene akubwera pa basi kudzadya Khirisimasi. Muli ayironi ndi diresi yobiriwira ya Dorothy, mumuuze kuti ndinazungulira mashopu mpaka mapazi kutupa. Bulangete ndi lanu. Malaya a kolala ndi a alamu, mmisiri azioneka. Masiwiti ndi a ana, a Simeon asawalawe.

Chaka chamawa ndikufuna ndidzaione ndi maso anga nyumbayo ikuwala. Mudye bwino Khirisimasi.

Dyson


Kwa Kalumphira,
Nsaru.
7 Januwale 2024

Dyson mwana wanga,

Moni ndikupatsa poti kalata imayamba ndi moni. Pa foni tsiku lija a Simeon anangokuuza mutu wa nkhani, iwe n'kuyamba kukuwa. Ine anandipatsa foniyo ndinalephera. Ndiye ndikuuze mmene mlongo wako anapitira, chifukwa ndinalipo, ndipo sindikufuna udzamve zokometsera.

Linali Lachiwiri, sabata ya Khirisimasi isanafike. Mvula inali itagwa mpaka kucha, kenako kunatuluka kadzuwa. Dorothy anati achape msanga mitambo isanabwerere. Anachapira kuseri, n'kubwera ndi beseni pamutu, Brian ali kumsana, nsapato sanavale. Atafika pakhonde anamasula mwanayo. "Tandigwirirani bwana wanuyu, amayi, akulemera ngati thumba la feteleza." Mawu ake otsiriza ndi amenewo. Ndawatembenuza m'mutu mwanga kufuna kupezamo china, mulibe. Anali akuseka.

Anatenga malaya a amuna ake, anawakung'untha, n'kuwaponya pa waya uja. Sanakuwe, Dyson. Manja onse awiri anangofumbata waya, mutu unapita kumbuyo. Ine ndinayamba ndayesa akudziwongola msana. Nditaona mapazi ake ndi pamene ndinadziwa. Ndinali ndi mwana m'manja. Ndikanamuika pansi akanakwawira kwa mayi ake. Ndinangoima n'kumakuwa.

Alamu ako anathamanga kuchokera kukhola, anatola musi, anamenya waya mpaka unaduka. Anamunyamula okha kukafika kumsewu. Kuchipatala anangomuyang'ana m'maso n'kumufunditsa nsalu.

Anthu a magetsi anabwera kudzadula. Mmodzi anakwera kudenga, potsika sanafune kutiyang'ana. Akuti waya wina unadutsa pamphepete pa lata, lata linaudya pang'onopang'ono mpaka moto unalowa m'denga lonse. Akuti pamayenera kukhala waya wolowa m'nthaka wothawitsa moto wotere, panalibe. Akuti kabokosi kaja kankadzizimitsa pofuna kutipulumutsa. Pepala la m'felemu analiyang'ana n'kuyimba foni. Nambala ija ndi ya mmisiri weniweni, koma mwini wake sanamvepo dzina la mudzi uno. Chidindo n'chosema. Bambo wa m'tauni uja foni yake siikulowanso.

Tinamuika Lachinayi. Amayi a Chigwirizano anamuveka bulauzi yake yopsa pakolala ija. Anaimba bwino, akuti. Ine sindinamve. Mungodya tinapha kuti adzukulu okumba manda adye.

Mnzako wa ku Nambuma anafika maliro atatha, anthu akubweza mabenchi kutchalitchi. Mnyamata waulemu, sanadziwe, analowa pabwalo akumwetulira. Ayironi ili m'bokosi lake. Diresi ndinaitambasula pamphasa. Unasankha bwino, ikanamukhala. Eliness anafunsa ngati tingakawapatse amayi ake kumene apitako.

Kalata yako ndinawerenga. Wafunsa ngati ndagonja. Eya, ndagonja.

Brian akukana phala, akufunafuna bere pa ine. Alamu ako amakhala kuseri kwa khola kuyambira m'mawa, chakudya chimabwerera mmene chapitira. A Simeon ayamba kale kunena zowasudzula mvula ikatha, kuti azipita kwawo.

Tumiza mkaka wa m'chitini ngati ungathe.

Mayi ako,
Nachisale


Johannesburg.
28 Januwale 2024

Amayi,

Martin wafika dzana. Akuti lole itafera ku Tete anaibweza ku Malawi kukakonza, wanyamukanso mwezi uno. Wandipatsa makalata anu awiri nthawi imodzi, ya Novembala ndi ya Januwale. Ya Novembala inali yakuda ndi mafuta a injini. Ndinaiwerengera pamsewu pomwepo. Pamene munalemba kuti ukangowerenga yimba foni, ndinapezeka ndatulutsa foni m'thumba.

Sindinabwere kudzaika mlongo wanga chifukwa mapepala angawa pachipata sangadutse, ndikanatuluka sindikanalowanso, ndiye ana akanadya chiyani? Ndimadziuza zimenezi tsiku lililonse.

Munthu ameneyo sindikufuna kudzamupeza pamudzi. Anadziwa kuti sadziwa, anakwera padenga, analandira ulemu, anapha mlongo wanga. Amalume apite naye kupolisi. Akatuluka kumeneko asudzulidwe, azipita ku Phalombe kwawoko. Ana ndi athu, ndilera ine. Nyumbayo mukafuna igwetseni, sindikufuna kuiona.

Mkaka ndatumiza. Kumapeto a mwezi ndidzatumiza ina yoti mugule mbuzi m'malo mwa ija, musamakhale nokha.

Amayi, mundiuze chochita. Sindikugona.

Dyson


Kwa Kalumphira,
Nsaru.
25 Febuluwale 2024

Dyson,

Moni. Tilipo. Chimanga chamasula, koma kudera kwa Dorothy udzu wapambana. Brian wayamba kulandira phala. Mkaka unafika.

Wati ndikuuze chochita. Choyamba, pukuta mamina. Chachiwiri, usandilamule za kupolisi ngati ukutuma mwana kuchigayo. Apolisi anabwera kale, pepala lija anatenga. Alamu ako anawauza zonse osabisa, za makwerero, za kabokosi, za bambo wa chidindo ndi mtengo umene amakhala pansi pake m'tauni. Akawaitana adzapita. Atafunsa amene anavomereza zogula pepala, iwo sanafune kukutchula. Ndinakutchula ndine. Dzina lako lili kumeneko, mwana wanga. Sindinakulere kuti uzibisala kumbuyo kwa mwana wa matenanti.

Tsopano ndikuuze zimene zinachitika sabata yatha.

Aphunzitsi aja ali ndi ana ang'onoang'ono. Ndinawaona ndikudutsa, wamng'ono atagwira chitsulo cha pageti pawo. Nyumba imeneyo mawaya ake anayala ndi manja omwewo, pepala lake linachokera m'chikwama chomwecho. Kwa Eunice chimodzimodzi. Onse anamva za maliro, anabwera, analira, n'kubwerera kukayatsa mababu awo. Aliyense amati zinagwera a kwa Nachisale.

Ndinatola makoko a nthochi, ndinapita kukhola kuti ndikanene. Ndinafika mpaka pakhomo pa khola. Chingwe chili lende pamtengo, mbuzi mulibe. Ndinaima ndi makoko m'manja ngati wamisala. Kuseri ndikumva munthu akupuma.

Ndinazungulira. Atandiona anadzambatuka kuti athawire m'chimanga, monga mwa masiku onse. Ndinati, "Khalani pansi, a Yonasi." Dzinalo linatuluka ngati ndalavula mwala. Anakhala. Nanenso ndinakhala, pafumbi, maso ndi maso.

Dyson, munthu uja ali ndi chipsera pachikope chakumanzere. Zaka zonsezi sindinkadziwa. Ndipo maso a Brian ndi awo.

Ndinati, "Munkadziwa kuti ntchito ija simuidziwa?"

Anati, "Ndinkadziwa, amayi."

"Nanga osanena bwanji?"

Anati, "Tsiku lija munauza mbuzi kuti nyumba ikuluma, ndinamva. Ndinakakhala kudimba mpaka dzuwa kupendeka. Ndinaganiza zopita pa Njewa kukagwada kwa abwana anga akale kuti adzaone. Ndiye ndinaganiza kuti akabwera n'kuzula mawaya anga anthu akuona, mudzi wonse udzati dzina la mbuzi lija linali loona. Ndinati ndidikire mvula ithe, ndidzakonze pang'onopang'ono wina asakuona."

Ine amene sindinasowepo choyankha chibadwire, ndinayang'ana makoko a nthochi.

Usaganize kuti ndawakhululukira. Ndikawaona manja awo ndimaona manja a Dorothy atafumbata waya. Mwina ndidzafa ndisanawakhululukire, Mulungu adzandifunsa yekha. Ndinangoti, "Dzukani. Mukasambe kumaso, muvale malaya a kolala amene anatumiza alamu anu. Tikuyenda."

Tinayenda njira imodzi, iwo patsogolo ine pambuyo, dzuwa lili pamutu. Amayi pa mjigo anasiya kupopa. Mkamwini ndi apongozi ake, phazi ndi phazi. A Simeon anatuluka m'nyumba Baibulo lili m'manja, pakamwa pali yasa. Ndinawauza kuti atseke, mulowa ntchentche.

Pakhomo lililonse pamene anagwirapo ntchito anaima n'kunena okha, ine sindinawathandize. "Ine si mmisiri. Pepala lanu ndi labodza. Zimitsani lero, muitane wa layisensi adzaone, musadikire." Aphunzitsi anangogwira pakamwa, n'kulowa kukazimitsa. Eunice ndiye anayamba kutukwana, akuti mbava, mfiti, obwera, mubweze zanga, firiji yanga ndiitani. Anthu anadzaza. Alamu ako anangoweramitsa mutu. Ndinamusiya atukwane mpaka anafika pa mawu oti obwera kachiwiri. Ndinati, "Iwe Eunice, pamene unkawaitana kuti amisiri chifukwa chotchipa, unkayesa anachokera ku Ulaya? Firiji yako ili moyo. Mwana wanga wagona kuseri kwa tchalitchi, pita ukamufunse ngati fanta wozizira ndi wofunika." Analowa m'golosale. Pakamwa panga sipanafe, usade nkhawa.

Pobwerera anatulutsa sikuludiraiva ija n'kundipatsa. Ndaisunga m'bokosi la ayironi.

Za kusudzula ndawauza a Simeon kuti aiwale kaye. Ku Phalombe akapita kwa yani? Makolo awo anaikidwa kumphepete kwa esiteti, pamene pano adzalapo bulugamu. Ndipo Brian sagona popanda chifuwa chawo. Ukafuna kulera ana, lera, koma sungawafungatire pa foni. Udzabwere, mapepala kapena opanda mapepala, udzakhale pafumbi pomwe ndinakhala ine, udzawauze wekha zimene uli nazo. Nawonso ali ndi zoti akuuze.

Nyumba sitigwetsa. Njerwa sizinalakwe. Tikugonamo ndi koloboyi, mawaya ali momwemo opanda moto, ndipo sadzayakanso mpaka munthu amene ndamuona ndi maso anga akulowa pakhomo pano atakwera kudengako. M'felemu muja ndaikamo Dorothy, chithunzi chija anajambulitsa pa Nsaru atanyamula Eliness. Diresi ndaikulunga m'bulangete. Eliness adzaipeza akadzakula, kaya idzakhala itachoka m'fasho.

Zovala tikuyanika pa udzu.

Ndalama imene wati utumize ugulire Eliness makope. Mbuzi usagule. Alamu ako akalakwa ndiziwauza ndekha.

Ndine mayi ako,
Gertrude Nachisale